Ndinaika Azakhali Anga Kuseri kwa Ndewu

Ndinakulira m'tinyumba ta magemu pa Chitakale, kumenyanitsa Ryu ndi Ken a mu Street Fighter mpaka ndalama ya kuchigayo kutha. Nditapeza laputopu yakale, mnzanga wa ku Blantyre anandiikiramo M.U.G.E.N, pulogalamu imene Elecbyte inatulutsa mu 1999. Kukoma kwake n'kwakuti umadzipangira wekha bwalo lomenyanirapo, limene timangoti siteji. Ndinalumbira kuti ndewu zanga zizichitikira m'munsi mwa phiri la Mulanje.

Siteji imaima pa mafayilo awiri: la .sff losunga zithunzi, ndi la .def louza gemu kuti chithunzi chiti chikhale pati. Kuti chinthu chizigwedera kumbuyoko, umalemba type = anim, n'kundandalika mafelemu, lililonse ndi nthawi yake. Nthawiyo amaiwerenga m'ma tick, 60 pa sekondi.

Phiri ndilo linayamba kundichititsa manyazi. Ndinasiya delta yake pa 1, choncho kamera ikasuntha, phiri lonse, ndi Sapitwa wake wa mamita 3,002, limatsetsereka limodzi ndi nthaka ngati nsalu ya kumbuyo kwa wojambula zithunzi pamsika. Chinthu chakutali chimafuna delta yaing'ono, mwina 0.3, kuti chizioneka cholemera. Kenako ndinatengeka ndi chiperoni. Nkhungu ndinaiika pa layerno = 1, kutsogolo kwa omenyana, ndipo anyamata anandizazira kuti sakuona chibakera chikubwera. Mitambo ndinaipangira mafelemu akuluakulu ambirimbiri mpaka laputopu kumatentha n'kumajejema, pomwe chithunzi chimodzi chokha, chopatsidwa velocity ndi tile, chikanayenda chokha. Zonsezi zinakonzeka, ndipo lero ndimaziseka.

Za azakhali sindiseka.

Siteji inkaoneka yopanda moyo, ndiye ndinafuna anthu m'munda wa tiyi. Ndinapita ku esiteti ina kumene azakhali anga amathyola tiyi, n'kuwajambula pa foni ali kalikiliki, dengu kumsana, iwo osadziwa. Awa ndi azakhali amene anandilera, amene fizi yanga ya kusekondale inkachokera pa makilogalamu a masamba amene ankayezetsa pa sikelo. Mu pulogalamu ya Fighter Factory ndinawadula bwinobwino, ndinachepetsa mitundu kufika pa 256, n'kuwaika kumanzere kwa siteji. Dzanja kumasamba, dzanja kudengu, n'kubwerezanso. Zinatuluka bwino kwambiri moti ndinadzitama, ndipo ndinagawira aliyense wobwera ndi fulashi.

Fayilo ikatuluka m'manja mwako ilibe chingwe. Posakhalitsa inafika ku Limbuli, ena anaiona ku Muloza. Anyamata anaipatsa dzina loti "kwa amayi a tiyi", ndipo wogonja ankamunyoza kuti akathandize amayiwo kuthyola. Nkhope inali yaing'ono, koma chitenje ndi duku zinali za azakhali, ndipo kwathu anthu amadziwana ndi kaimidwe komwe. Mwana wa mnzawo wa kumvano ndiye anawauza.

Azakhali anabwera madzulo ndipo anandiuza kuti ndiyatse gemuyo. Anayang'anitsitsa anthu akuponyerana moto patsogolo pawo, iwo ali kumbuyo akungothyola. Kenako anafunsa: "Kodi mwanawe, ameneyu amaweruka nthawi yanji? Dengu lakelo silidzadza?" Ndinayamba kufotokoza kuti mafelemu amangozungulira. Anandidula. "Sindikufunsa zimenezo. Unandipempha?"

Ndinati, "Pepani azakhali, ndimafuna kukulemekezani." Linali bodza, ndipo anadziwa. Ndinkafuna chokongoletsera siteji basi. Mu Street Fighter II ya Capcom, ya 1991, anthu oonerera kumbuyo ndi ojambulidwa pamanja, alibe mudzi, alibe mpingo, sakumana ndi anzawo pachitsime. Ine ndinatenga munthu wamoyo, wokhala ndi msana wowawa, n'kumusandutsa chidole choseketsa ana. Ndipo sindikanayerekeza kuchita zimenezi kwa bwana wa esitetiyo.

Azakhali anakhala nthawi osandilankhula bwino. Siteji ndinaipanganso: phiri lili phee, mitambo ikuyenda pang'onopang'ono kuseri, madzi a Likhubula akutsika ndi mafelemu ochepa. M'munda mulibe munthu. Ndikafuna anthu ndimajambula ndekha pamanja, ngakhale amatuluka opindika miyendo.

Koma fayilo yakale ija idakali m'makompyuta a anthu. Inu anyamata a ku Limbuli, Chitakale ndi kwina kulikonse, ngati muli ndi siteji ya phiri yokhala ndi mayi wa duku lofiira kumanzere, chonde ifufuteni. Yatsopano ndikupatsani ulere.