KHUTU SILITULUKA MAGAZI

Yalero ndi yaitali ndithu, koma werengani mpaka pansi, chifukwa ikukhudza chiwalo chimene tonse timadyera koma palibe amene amachisamala. Ndikunena khutu.

Ife timati msodzi ndi mikono ndi maso. Koma taganizani usiku wa mdima, nthawi imene usipa umabwera bwino ku nyali. Siginala akakuwa kuti ponyani chilimira, mumamva ndi chiyani? Injini ikayamba kutsokomola, mvuu ikapuma pafupi ndi bwato, mwera ukamayamba kuwomba chapatali, mnzanu akagwera m'madzi n'kukuwa kamodzi kokha, zonsezi zimafika kudzera m'khutu. Panyanja usiku munthu wosamva bwino ali pangozi, ndipo anzake a m'boti ali pangozi naye limodzi.

Ine nkhaniyi ndimayiona kunyumba kwathu. Bambo anga agwira injini zaka zambiri, atakhala kumbuyo kwa boti, mutu pafupi ndi phokoso usiku wonse. Mikono yawo ikadali ndi mphamvu mpaka pano, ukonde amasoka kuposa anyamata. Koma panyanja usiku anasiya kupita, chifukwa alovi anayamba kudandaula kuti mdala sakumva siginala. Pamsonkhano wa komiti ya kugombe amangogwedeza mutu. Adzukulu amati agogo ndi aukali, pomwe iwo amangolankhula mokweza chifukwa sadzimva okha. Palibe tsiku limene anadzuka n'kunena kuti lero khutu lafa. Linapita pang'onopang'ono, popanda bala, popanda magazi.

Zimachitika chonchi. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi tating'ono kwambiri timene timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatopetsa timaseloti, ndipo likapitirira timafa. Tikafa sitimeranso. Mukachoka ku dansi kapena ku vidiyo makutu akulira ngati muli nkhululu, mawu a anthu akumveka ngati muli pansi pa madzi, dziwani kuti tatopa. M'mawa zimakhala ngati zatha, koma mukamabwereza ngongole imakula. Choyamba kutayika ndi mawu ang'ono akuthwa, monga "s" ndi "f". N'chifukwa chake munthu amati ndikumva kuti mukulankhula koma sindikumva zimene mukunena, makamaka pamsika kapena pagombe maboti akamafika.

Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvere madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto. Koma mukangokweza ndi madesibelo atatu, nthawiyo imadulidwa pakati. Mukafika pa 100, zatsala ndi mphindi zochepa basi pa sabata yonse. Ife tilibe makina oyezera, koma pali njira yapafupi: ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene ali patali ngati mkono umodzi akumveni, malo amenewo akukudyerani makutu. Yesani zimenezi pafupi ndi injini, m'chigayo, pambali pa jenereta, kapena kutsogolo kwa sipika pa chinkhoswe. Muona nokha. WHO yomweyo imati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko ali pachiopsezo chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo. Ife a mahedifoni m'khutu kuyambira m'mawa poyanika usipa pathandala mpaka pogona, tili momwemo.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti anu ali pati? Foni yomwe mukuwerengerayi ingathandize. Pa Play Store pali app yaulere yotchedwa hearWHO, imene WHO inatulutsa mu 2019. Mumavala mahedifoni, kukhala pamalo a zii, ndiye imakutchulirani manambala atatuatatu m'Chingerezi pakati pa phokoso, inu n'kumalemba zimene mwamva. Musaope Chingerezicho, ndi manambala omwe timawerengera ndalama za nsomba tsiku lililonse. Sizitenga nthawi. Pamapeto imakupatsani malikisi. Kuposa 75 ndiye kuti makutu ali bwino. Pakati pa 50 ndi 75, muziyeza pafupipafupi ndi kuchepetsa phokoso. Pansi pa 50, kaonaneni ndi a chipatala.

Kuti mayeso akhale oona, musayeze mutangotsika m'boti kapena mutangochoka ku dansi. Makutu apume kaye tsiku lathunthu. Musayeze muli ndi chimfine kapena madzi ali m'khutu. Mahedifoni akhale olira mbali zonse ziwiri, osati aja omangidwa ndi selotepi. Ndipo kumbukirani kuti foni si dokotala. Imangokuuzani kuti pali vuto, siinena chifukwa chake. Mwina ndi phula lochuluka limene namwino angachotse tsiku lomwelo, mwina ndi matenda, mwina ndi phokoso. Oyeza bwinobwino alipo: ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki ya makutu, ndipo ku Lilongwe kuli ya ABC. Yambirani pa chipatala chapafupi, akutumizani.

Tsono kuteteza. Voliyumu ya foni isapitirire 60 pa 100 iliyonse, ndipo muzivula mahedifoni kuti makutu apume. Pa dansi imani patali ndi sipika, nyimbo ndi yomweyo. M'boti, amene sakugwira injini asakhale pamwamba pake popanda chifukwa, ndipo ogwirawo azisinthana. Kuli timaplagi tofewa totsekera m'makutu timene amavala ogwira ntchito pa makina, mungafunse m'mashopu a hadiweya. Valani pa ulendo wopita ndi wobwera pamene injini ikulira kwambiri, mukafika poponya vulani. Thonje silitchinga phokoso mokwanira, musadzinamize. Eni maboti ndi eni zigayo, timaplagi tingakudyereni ndalama zingati poyerekeza ndi mafuta a usiku umodzi?

Chinanso, ife timakhalira m'madzi. Mukatuluka, pendeketsani mutu madzi atuluke okha, pukutani kunja kokha. Mtengo wa machesi, nthenga ya nkhuku, chivindikiro cha bolopeni, zonsezi zimakankhira phula m'kati ndipo zikhoza kuboola kachikopa kopyapyala ka m'khutu. Mwana akamatuluka mafinya m'khutu, musati ndi za ana a kunyanja zimenezo. Musathiremo mafuta ophikira kapena madzi a masamba, ndipo asasambire mpaka ataonedwa. Mafinya okhalitsa amagonthetsa mwana, kusukulu n'kumamutcha mbuli pomwe iye sakumva aphunzitsi. Mankhwala ena monga kwinini ndi jakisoni wa gentamicin amatha kukhudza makutu, ndiye mukamalandira n'kumva kulira m'makutu, musasiye panokha, uzani adokotala msanga. Khutu likatseka mwadzidzidzi tsiku limodzi, thamangani, musadikire kuti mwezi uwale kaye.

Ndikudziwa ena museka mukaona mnyamata wavala zotsekera m'makutu pa boti, muziti wayamba chizungu. Asekeni, koma muwafunse osekawo ngati adzakumasulireni mawu a mkazi wanu ndi ana anu mukadzafika zaka 50.

Sabata ino gulani kabandulo, tsitsani app ija, yezani. Mukatha mubwereke foniyo kwa mdala wa kwanu ndi kwa mnzanu wogwira injini. Malikisi anu alembeni penapake, tidzayezenso pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira za kumva padziko lonse, tione amene wasamala.

Tumizani ku magulu ena a kugombe, kuyambira Makanjira, Msaka, Senga Bay mpaka Nkhotakota. Mupite bwino panyanja usiku uno.