Kagemu Kosapambanika

Aphunzitsi anzanga ndi ophunzira anga akale, moni kuchokera kuno ku Chilwa.

Ambirife timati magemu a pakompyuta ndi zachibwana. Koma pali kagemu kotchedwa That Dragon, Cancer, komwe Ryan ndi Amy Green anatulutsa mu 2016 pokumbukira mwana wawo yemwe anamwalira ndi khansa. Penapake mwanayo amalira m'chipatala. Umupatse chakumwa, umunyamule, satonthola. Batani lomuchiritsa palibe.

Nditasewera, misozi inalengeza. Ndinakumbukira 2018, nyanja itaphwa, mabwato ali pamatope ku Kachulu, ana a asodzi akuchoka m'kalasi mmodzimmodzi, ine ndikungoyang'ana.

Kagemuko kanandikumbutsa kuti ngakhale ulibe chithandizo, wovutika sumusiya yekha. Inu amene munasiya sukulu chaka chimenecho, chonde ndilembereni. Ndikufuna ndidziwe komwe muli.