Dosa Safuna Phuma

Anthu akaona wophika dosa akuzunguza chipande pachiwaya, phala n'kuyalika mopyapyala, amaganiza kuti luso lonse lili m'dzanja. Ine amene ndimaphika chakudya cha kumwera kwa India chimenechi ndimati dzanja limangomalizitsa. Dosa imakoma kapena kuwonongeka dzulo lake, phala likamasasa. Ndimaviika makapu 3 a mpunga paokha ndi kapu imodzi ya nyemba zosenda zotchedwa urad, pamodzi ndi tinjere tonunkhiritsa totchedwa methi, kwa maola 4 mpaka 6. Urad ndimaipera mpaka isalale ndi kuchita thovu, mpunga ndimausiya wa timisere, kenako ndimasakaniza ndi dzanja, kuthira mchere ndi kuvundikira pamalo ofunda maola 8 mpaka 12. Usikuwo tizilombo tabwino, makamaka Leuconostoc mesenteroides, timatulutsa mpweya ndi kuwawasa pang'ono. Urad ili ndi ulenda umene umagwira mpweyawo, ndiye phala limafufuma. Amene anaviikapo mphale amadziwa kuti masiku a m'madzi aja ndi amene amapatsa ufa woyera fungo lake.

Ena amati kudikira konseku n'kudzivutitsa, popeza soda imafufumitsa phala nthawi yomweyo. N'zoona kuti imafufumitsa, koma imangopereka mpweya wokha. Kuwawasa kuja palibe, ndipo ukachulutsa soda, dosa imamveka sopo m'kamwa. Ena amaloza rava dosa, yomwe saisasitsa, ndipo ndi yokoma ndithu, koma imapangidwa ndi tirigu wopera mwa misere, ndiye ndi chakudya china. Nanga phala logula m'mapaketi, lomwe kampani ya iD Fresh Food ya ku Bengaluru inatchuka nalo? Limeneli silinditsutsa, chifukwa kuviika ndi kupera kwachitikabe, kungoti wakuchitirani ndi wina. Ngakhale makina otchuka operera phala a ku Coimbatore amapera ndi miyala pang'onopang'ono kuti phala lisatenthe. Wogwiritsa ntchito blenda azithira madzi ozizira ndi kumaipumitsa, apo ayi phala silidzuka bwino.

Dandaulo lomwe ndimalimvetsa ndi la okhala kozizira ngati ku London, kumene phala lingagone usiku wonse osasuntha. Mankhwala ake ndi kulifunditsa: muliike mu uvuni wozimitsa koma wofundirako, ndipo mulipatse maola ena. Phala likasasa bwino, chiwaya sichivuta. Chachitsulo chokhuthala chimafuna kutentha kwapakati. Ndimachiwaza madzi kuti chizizireko, kuchipukuta ndi anyezi wodula pakati woviika m'mafuta, n'kuzunguza phala kuchokera pakati kupita m'mbali. M'mphepete mukafiira, dosa imamatuka yokha, ndipo imapita m'mbale ndi msuzi wotchedwa sambar, chatini ya kokonati kapena mbatata yakachewere yokazinga ndi anyezi. Phala lotsala likagona mufiriji limawawasa kwambiri, ndipo limenelo ndi la uttapam, yokhuthala, yothira anyezi ndi tomato pamwamba.