Zimene Masitampa Andiphunzitsa

Anzanga ena amakonda mpira, ena kuimba, koma ine pa nthawi yopuma ndimakonda kusonkhanitsa masitampa akale. Ambiri amandiseka nati, "Kodi timapepala timeneti tidzakupindulira chiyani?" Tsono ndifuna kuwayankha m'magazini yathu ino.

Sitampa yoyamba pa dziko lonse inatuluka ku Britain m'chaka cha 1840. Inali yakuda, ya kobiri limodzi, ndipo inali ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Kuno kwathu masitampa anayamba mu 1891. Poti boma linalibe akeake, linatenga a British South Africa Company nkudindapo malemba akuti B.C.A., pakuti dziko lino linkatchedwa British Central Africa. Mu 1907 dzina linasintha kukhala Nyasaland. Kuyambira 1953 mpaka 1963 tinali mu chitaganya, ndipo masitampa ankati Rhodesia & Nyasaland. Pa 6 July 1964 tinalandira ufulu, dzina la Malawi nkuoneka pa sitampa. Mu 1971 mitengo inaleka kulembedwa m'mashiling'i ndi makobiri, inayamba kulembedwa m'makwacha ndi matambala.

M'kabuku kanga ndayala masitampa motsata zaka. Aphunzitsi akafunsa zaka zimenezi m'kalasi sindivutika, chifukwa ndimaziona ndi maso. Ndimakonda koposa sitampa ya Nyasaland yokhala ndi kambuku ataima pathanthwe, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndicho chidindo cha positi ofesi. Agogo anga anandipatsa maenvulopu a makalata amene achimwene awo ankatumiza ali pa ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Pamenepo ndinazindikira kuti nkhani ya anthu opita kunja kukafuna ntchito si ya m'buku chabe, ndi ya m'banja mwathu. Zidindo zina zimati Fort Johnston, Port Herald kapena Fort Hill. Ndani mwa ife akanadziwa msanga kuti amenewa ndiwo Mangochi, Nsanje ndi Chitipa?

Chondidetsa nkhawa ndi ichi: masiku ano anthu amatumizirana mauthenga pa lamya, makalata achepa. Akale aja akudyedwa ndi chiswe, ena amayi akukolezera moto. Envulopu ikapsa, mbiri yake yapita ndipo sidzabweranso.

Chotero anzanga, popita ku tchuthi pemphani makolo mwaulemu kuti akuonetseni makalata akale. Chidindo chikamawerengeka bwino, sungani envulopu yonse osaing'amba. Ngati sichioneka, dulani pangodya pali sitampa, viikani m'madzi ozizira mpaka imatuke yokha, kenaka iumitseni pamthunzi. Musaimate ndi ulimbo, chifukwa imaonongeka. Amene ali ndi masitampa awiri ofanana andipeze tikaweruka, kuti tisinthane.