Madzi ndinakawaonera ku Wimbe

Ena mwakhala mukundifunsa kuti zithunzi za madontho zija ndimazitenga pa intaneti eti? Ayi ndithu, n'zanga, pafoni yomweyi yosweka sikirini.

Mwezi wa Okutobala malume anandiitana ku Wimbe, ku Kasungu, kuti ndikaone pampu yawo yothirira nazale ya fodya. Ankati injini ndi injini basi, ya boti kaya ya pampu. Nditamasula ndinapeza kabuleta yatheratu, ndiye tinadikira ina masiku asanu. Aise, masiku asanu opanda nyanja! Kulikonse fumbi, minda ndi zigafa. Ndinasowa mtendere.

Tsiku lachiwiri ndinapita kunazale m'mamawa. Anali atangothirira ndi kheni, ndipo mbande iliyonse inali ndi timadontho. Tsamba la fodya lili ndi tiubweya tomata, choncho dontho silitsetsereka msanga. Ndinayandikitsa foni, chithunzi chinangotuluka chimbuu. Foni wamba ukaiyandikitsa kwambiri sitha kuona bwino.

Paja ku Wimbe ndi kwawo kwa William Kamkwamba, m'mudzi mwa Masitala, amene ali ndi zaka 14 anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola, nkhani yake mpaka inatuluka filimu mu 2019. Kumeneko kudandaula kuti ulibe zipangizo kumachititsa manyazi. Ndinapempha DVD yakufa ya malume n'kuchotsa kagalasi kaja kamene kamawerenga chimbale, kochepa kuposa njere ya chimanga. Ndinakamata pakamera ndi selotepi, pakati osaphimba.

Ntchito yake ndi apa. Kagalasiko kamaona bwino pamtunda ngati kunenepa kwa chala basi, ukasuntha pang'ono zonse zabalalika. Ndinkagona chafufumimba, zigongono pansi, kugwira mpweya ngati ndikumira kukamasula ukonde pamwala. Osasuntha ndi zumu, suntha foni yeniyeniyo pang'onopang'ono. Dzuwa likhale kutsogolo kapena chammbali, chifukwa likakhala kumsana foni imaphimba dontho ndi mthunzi wake. Ndipo lawirira, mphepo ikangoyamba tsamba limagwedezeka, iwalani. Ndinajambula mwina 60, zabwino zitatu. Anthu odutsa ankati mwana wa kunyanja uja zamuzungulira.

Chimene chinandiziziritsa nkhongono n'chakuti m'dontho limodzi munali chigafa chonse cha malume ndi mtengo wa mango, chadodolido, denga pansi. Dontho ndi lozungulira, limapinda kuwala ngati galasi n'kutembenuza zimene zili kuseri kwake. Ine ndinabadwira pamadzi, ndapalasa bwato ndisanayambe sukulu, koma zimenezi sindinazionepo.

Ndinawatumizira bambo ku Nkhotakota kudzera pafoni ya mlongo wanga. Ndinali ndi mantha pang'ono, poti iwo sanakondwe n'komwe nditasiya usodzi, ndipo za zithunzi amati n'zotha batire. Madzulo anaimba. Sanayamikire, mukuwadziwa. Anangofunsa kuti, “Iwe, limenelija ndi diso la chambo?” Ndinati ayi bambo, ndi madzi. Anakhala chete, kenako anati ndikabwera ndikawaonetse pa ukonde wawo ukangovuulidwa kumene.

Pampu inalira tsiku lachisanu ndi chimodzi. Kagalasi kaja ndakasunga m'bokosi la machesi. Loweruka m'mawa ndidzakhala padoko, amene ali ndi DVD yakufa kunyumba abwere nayo, sikuludiraiva ndili nayo.