Tinagawana kampani tisanagulitse ngakhale botolo limodzi

Kampani yathu ya chiponde inali ndi eni ake anayi, koma wokazinga mtedza ndinali ine ndekha. Palibe anandikakamiza. Pepala lomwe linandimangirira m'goli limeneli ndinasainira ndekha, ndikumwetulira.

Tinayamba mu 2021 ku Lilongwe, tili atatu. Ine ndinali nditangosiya ukalaliki pa sitolo ina ya zipangizo zaulimi, ndipo ndinkadziwana ndi alimi komanso mavenda a mtedza a ku Mchinji ndi ku Kasungu. Mnzanga wa kusekondale, yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, ndiye anatumiza mpamba wogulira makina okazingira ndi operera. Alamu anga, amuna awo a chemwali anga, anali ndi shedi yamagetsi yongokhala kuseri kwa nyumba yawo ku Area 25. Nkhani yogawana masheya inatha msanga kuposa mkangano wosankha mtundu wa chivindikiro cha botolo. "Aise, ife ndi amodzi, tingogawana mofanana basi," anatero mnzangayo pa WhatsApp. Alamu anavomera. Ine funso ndinali nalo pakhosi, lakuti nanga amene azilawirira kushedi tsiku ndi tsiku azilandira chiyani, koma ndinalimeza. Ungafunse bwanji za malipiro pamaso pa mlamu, komanso pa munthu amene wangokutumizira ndalama za thukuta lake la kuchilendo? Kwathu kuno munthu amalolera kuluza ndalama bola asatchedwe wadyera.

Wachinayi ndinabwera naye ndine. Ndinakumana naye pa msonkhano wa achinyamata a bizinesi pa hotela ina mumzindamu: bambo wa suti yosita bwino, wa Chizungu chosalala, wotchula mabwana a m'mabanki ndi maina awo oyamba. Anati iye ndi mlangizi wa amalonda ongoyamba kumene, ndipo chiponde chathu achilowetsa m'masitolo akuluakulu. Ndalama sanafune. Anangopempha 10 peresenti ya kampani. Kwa ine zinamveka ngati zaulere, poti 10 peresenti ya kampani yopanda kanthu ndi yopanda kanthu. Tinalembetsa kampani kwa Registrar General motsatira lamulo la makampani la 2013, tinatenga TPIN ku MRA, ndipo pepala linati atatufe tili ndi 30 peresenti aliyense, bamboyo 10.

Zomwe anatichitira ndingazitchule mpweya umodzi. Anajambulitsa nafe chithunzi n'kuchiika pa Facebook, kenaka anatikumanitsa ndi wogula katundu wa sitolo ina yaikulu. Wogulayo anatembenuza botolo lathu kufunafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, sanachione, n'kutibwezera botololo mwaulemu. Aliyense amene anagulitsako chakudya cha m'botolo kusitolo yaikulu akadatiuza zimenezi tsiku loyamba. Kuchokera apo foni ya mlangizi wathu inayamba kungoitana.

Kenaka kunabwera 2022. Mu Januwale namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi n'kuyamba kuzimazima kwa maola ambiri. Ndinkagona pa matumba a mtedza kudikira kuti akayaka pakati pa usiku ndiyatse makina. Mu Meyi kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mabotolo ndi mapepala omata anakwera mtengo. Mpamba unachepa. Mnzanga anatumizanso marandi, osati kamodzi. Palibe anafunsa ngati ndalamazo zinali ngongole kapena zogulira masheya ena, tinkangoti "watithandiza". Alamu nawo anayamba kunena mocheza kuti shediyo akadaichititsa lendi bwenzi akudya nyama. Ineyo, poti ndinalibe malipiro, ndinkatapa m'kabati ya ndalama, lero ya ndiwo, mawa ya fizi ya mwana, osalemba paliponse. Mumtima ndinkati ndi thukuta langa. Mwalamulo zinali ndalama za kampani, ndipo 70 peresenti ya kampaniyo inali ya anthu ena.

Zinaphulika mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mnzanga anawerengera marandi onse omwe anatumiza pa mtengo watsopano, n'kupeza kuti kampani yonse ndi yake. Alamu anawerengera lendi ya miyezi yonse. Ine ndinawerengera malipiro a zaka zomwe ndinagwira ntchito ulere. Aliyense ankadziona woberedwa, ndipo chondipweteka mpaka lero n'chakuti aliyense ankanena zoona.

Munthu amene anatithandiza sindinamupeze pa msonkhano. Anali kasitomala wathu, mayi wachikulire wa golosale ndi chigayo pa boma la Mchinji, yemwe pa utsikana wake ankasunga mabuku a ndalama pa esiteti ina ya fodya. Tsiku lina nditawatulira makatoni a chiponde anandiyang'ana n'kuti, "Mwana wanga, nkhope imeneyo si ya munthu amene malonda akumuyendera. Botolo limodzi limakudyera zingati kuti ulipange?" Ndinatchula nambala yongoganizira. Anaseka. "Ulendo winawo ubwere ndi buku."

Buku ndinalibe. Ndinapita ndi jumbo ya malisiti ndi mauthenga a Airtel Money a mufoni. Tinakhala kuseri kwa chigayo, iwo atavala magalasi, n'kuyamba kusanja. Sanandinyoze, koma sanandinyengererenso. Atafika pa ndalama zomwe ndinkatapa anandiuza mosapsatira kuti, "Izi ukanakhala wantchito wanga ndikanakuchotsa." Kenaka anajambula mizere itatu papepala. Woyamba analemba mpamba, wachiwiri ntchito, wachitatu malo. Anati zinthu zitatuzi zimalipidwa mosiyana: wa malo amalandira lendi, wa ntchito amalandira malipiro, wobwereketsa amalandira ndalama yake ndi chiwongoladzanja, ndipo masheya ndi a munthu amene wavomera kuti zikavuta ataye zonse osabwezeredwa. Ife tinathira zonsezi mumphika umodzi n'kuutcha chibale.

"Amayi a banki mkhonde omwe amakumana pakhonde pangapa ambiri sanafike Sitandade 8," anatero, "koma sheya iliyonse imalembedwa m'buku pamaso pa gulu, wochedwa amalipira chindapusa, ndipo tsiku logawana aliyense amadziwiratu yake. Inu a masatifiketi, kampani yolembetsa kuboma, mulibe ngakhale tsamba limodzi?"

Funso lomwe linandisowetsa tulo linali lina. "Alamu akowo atamwalira mawa, mnzako wa bizinesi akhala ndani?" Sindinaganizepo. Masheya ndi katundu ngati puloti kapena galimoto. Mwini wake akamwalira amalowa m'chuma chamasiye. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, ndipo ndi lamulo labwino, koma tonse tikudziwa zomwe zimachitika pasiwa achibale akamva kuti malemu anali ndi kampani. Anafunsanso kuti, "Nanga banja la chemwali ako litatha, makinawo ali m'shedi ya ndani?" Mafunso otere mnzako sangakufunse, mlamu sangakufunse. Amafunika munthu wapadera, woti kampaniyo ikagwa sataya kanthu, ikakwera sapeza kanthu.

Apa ndi pomwe ndinaona kusiyana kwa anthu awiriwa. Bambo wa suti ankandiuza za anthu omwe amawadziwa. Mayiwa ankandifunsa za zinthu zomwe ndinkayenera kuzidziwa ine. Ndi iwo anandiletsa kugula mtedza wosenda kale kwa mavenda omwe amawaza madzi makoko kuti asendeke msanga, chifukwa chinyezicho chimabweretsa chuku, ndipo poizoni wa chuku ndi chimodzi mwa zomwe amayeza asanakupatse chizindikiro cha MBS. Ndi iwo anandiuza kuti ndisamasakanize mtedza wa CG7 ndi wa Chalimbana mwachisawawa, poti CG7 ndi wamafuta ambiri ndipo chiponde chake chimatuluka mosiyana. Sindinawapemphepo kuti akhale mlangizi wanga. Ndikadatero mwina akadakana, kunena kuti iwo ndi ogaya chimanga chabe. Ndinkangopita ndi funso limodzi lenileni, n'kubwerako nditachita zomwe anandiuza ulendo wapitawo. Nditayesa kuwapatsa masheya pang'ono mowathokoza anakwiya. "Ukufuna ndiyambe kukunamiza kuti zinthu zili bwino? Undichotsereko mtengo pa katoni basi."

Sindikunena kuti mlangizi weniweni amapezeka kuchigayo kokha. Kuli malo ngati mHub ku Lilongwe, yomwe anaiyambitsa Rachel Sibande, kuli mabungwe omwe ntchito yawo ndi kuphunzitsa amalonda ang'onoang'ono, ndipo pa chionetsero cha zamalonda ku Chichiri munthu umakumana ndi omwe akhala akupanga katundu zaka zambiri. Koma konseko, amene watchula za masheya asanaone buku lako, ine ndimamupatsa moni n'kupitirira.

Mayiwa ananditumiza kwa loya. Ndinalowa mu ofesi yake ndili ndi chiyembekezo choti 10 peresenti ija tingoilanda, poti mwini wake sanagwire ntchito. Loya anapukusa mutu. Masheya ukapereka popanda mfundo iliyonse yolembedwa ndi ake a munthuyo, kaya agone kaya asamuke. Njira ndi kumugula, pa mtengo womwe iye avomere. Zopita ku khothi la zamalonda anati ndisayerekeze, ndalama zake zingapose mtengo wa makina athu onse. Ndi loyayo anandifotokozera momwe makampani ongoyamba a ku Silicon Valley amachitira. Woyambitsa kampani salandira masheya ake onse tsiku limodzi. Amawakolola pang'onopang'ono, kawirikawiri pa zaka 4. Akachoka chaka choyamba chisanathe amapita chimanjamanja, chikatha chakacho amatenga gawo limodzi mwa magawo anayi, otsalawo n'kumabwera mwezi ndi mwezi. Alangizi nawo amapatsidwa kagawo kochepetsetsa, nthawi zambiri kosafika ndi 2 peresenti yomwe, ndipo nakonso kamabwera pang'onopang'ono. Ine ndinapereka 10, tsiku limodzi, kwa munthu amene ndinacheza naye pa tiyi.

Bambo wa suti uja foni anayankha msangamsanga atamva kuti tikufuna kugula. Mtengo womwe anatchula sindiulemba pano, ndimachita nawo manyazi. Tinanenerera mpaka unatsikako, ndipo tinamulipira pang'onopang'ono ndi ndalama zomwe zikadagula mtedza wa nyengo yonse.

Chovuta kwambiri chinali kukhala pansi atatufe. Mnzanga anabwera pa Khirisimasi ya 2023, ndipo tinakumana pakhonde pa alamu, chemwali anga akungozungulirazungulira ndi mbale ngati sakumva. Ndinayamba ndi kuulula ndalama zomwe ndinatapa, ndi nambala yake, monga anandilangizira mayi aja. Anati ndikayamba ndi milandu ya anzanga nkhaniyo ithera pomwepo. Nditatulutsa pepala la loya mnzanga anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Aise, ndiye kuti sundikhulupiriranso?" Ndinamuyankha kuti ndikudzikayikira ine mwini, ndipo umboni wake ndi nambala yomwe ndangotchulayo. Alamu anadzuka n'kukalowa m'nyumba. Amene anawabweza ndi chemwali anga, omwe anaima pakhomo n'kuti, "Bambo a ana, khalani pansi. Mukadzamwalira amene adzavutike ndi achibale anu ndine."

Tinagwirizana izi. Marandi oyamba aja akhale mpamba, koma omwe anabwera pambuyo ndi ngongole, ndipo ibwezedwe m'marandi, chifukwa m'marandi ndi momwe mnzanga anaivutikira. Mfundo imeneyi ndinalimbana nayo, ndinagonja, ndipo pano ndikuona kuti anali ndi chilungamo ngakhale imatipweteka nthawi iliyonse kwacha ikatsika. Alamu azilandira lendi mwezi uliwonse, ndipo pa chifukwa chimenecho anagulitsako gawo la masheya awo. Ine ndizilandira malipiro, ochepa koma olembedwa. A m'mbuyo aja tinachotsapo zomwe ndinatapa, zotsalazo n'kuzisandutsa masheya omwe ndikuwakolola pa zaka 4, moti ndikathawa mawa sindipita nawo. Zonse zikadzatha ine ndidzakhala ndi 45, mnzanga 35, alamu 20. Kubanki ndalama sizituluka popanda anthu awiri kusaina. Wofuna kugulitsa masheya ake ayambe wafunsa anzake, ndipo wina akamwalira otsalawo ali ndi ufulu wogula gawo lake, ndalamazo n'kupita kwa mkazi ndi ana.

Ena amati kugawana mofanana ndiye kulakwa. Ine sinditero. Anthu awiri omwe onse asiya ntchito, onse aikamo ndalama zofanana, onse akugona pa matumba, agawane pakati n'pakati, palibe vuto. Ife tinasankha zofanana pothawa kukambirana, ndipo kukambiranako kunadzatipezabe patapita zaka ziwiri, kutakwera mtengo. Alamu anatha nyengo yonse ya dzinja osandiyankhula kupatula moni. Mnzanga amandiimbirabe, koma masiku ano timayamba ndi malipoti a mwezi tisanafike pa za mpira.

Mfundo imodzi sitinamalize: wina akafuna kutuluka, kampaniyi tidzaiwerengera bwanji mtengo wake? Loya akuti tizidzaitana akauntanti wapadera. Mayi a ku Mchinji akuti akauntantiyo adzatidyera ndalama, bola tigwirizane tokha mtengo kamodzi pachaka, tilembe, tisaine. Mnzanga akufuna makina awerengedwe m'marandi. Alamu akufunsa ngati dzina la chiponde chathu, lomwe analipeka ndi iwo, lili ndi mtengo wakewake. Tapangana kuti tidzakhalirenso pansi tikamaliza kugula mtedza wa chaka chino.