Mwana Wathu Adapeza Mnzake

Kwa zaka zingapo, madzulo alionse ana a m'dera lathu ankasonkhana pabwalo la kuseri kwa nyumba yathu kumenya mpira wachikulunga ndi kuchita chipako. Mnyamata wathu wachisamba ankatsala pakhonde, akundandalika zitsekerero za mabotolo m'mizere yowongoka, ndipo munthu akasuntha chimodzi chokha, kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu. Sikuti ankadana ndi anzake ayi. Kawirikawiri tinkamuona ataima pampanda, maso ali pampira, koma polowera m'masewerowo sankapadziwa. Tsiku lina adalowa pakati pawo, nanyamula mpirawo, nathamanga nawo kunyumba. Iye ankayesa kuti wayamba kusewera nawo, koma anzakewo adamutcha wakuba.

Anthu adanena zambiri. Ena ankati tamulekerera, ena ankati alipo wina kumudzi amene adamulodza. Atakwanitsa zaka 6, dokotala wa ana adatiuza kuti mwana wathu ali ndi otizimu, ndiko kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumakhudza kalankhulidwe ka munthu, kachezedwe kake ndi anzake, ndiponso kumchititsa kukonda kubwereza zinthu zomwezomwezo. Mmodzi mwa amene adayamba kulongosola bwino za ana otere ndi dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, ku America, yemwe m'chaka cha 1943 adalemba za ana 11. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, ngakhale akatswiri ena akumeneko ankaloza chala amayi, amvekere sadawakonde ana awo mokwanira, kufikira kafukufuku adatsutsa maganizo amenewo. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidati mwa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi otizimu. Tidabwerera kunyumba mitima itapepukako pozindikira kuti tidalibe mlandu. Komatu kudziwa dzina la vuto sikupatsa mwana mnzake wosewera naye.

Thandizo lidadzera mwa mphunzitsi wina wamayi amene adaphunzira kaphunzitsidwe ka ana ofuna chisamaliro chapadera. Iye adatiuza kuti ana ambiri amangotola malamulo a kucheza monga nkhuku itolera mapira pabwalo, popanda wowauza, koma kuti wathuyu afunika kuuzidwa lamulo limodzilimodzi, monga tiphunzitsira masamu. Adaonjeza kuti kucheza sikuphunziridwa munthu ali yekha. Chotero adasonkhanitsa kagulu ka ana 6, atatu a otizimu ndi atatu ena oyandikana nawo nyumba, kuti azikumana Loweruka lililonse m'mawa kwa ola limodzi.

Dongosolo la msonkhanowo silinkasintha, pakuti ana otere amakhazikika mtima akadziwiratu chimene chikubwera. Ankayamba ndi kulonjerana, kenaka kusimba mmene ntchito ya kunyumba idayendera, ndipo pamenepo mphunzitsi ankapereka phunziro limodzi lokha. Poyamba ankaonetsa njira yolakwika, ana naseka, ndipo pambuyo pake yolondola, iwo nayeserera awiriawiri. Phunziro limene lidatikhudza koposa ndi la kulowa m'masewero a anzako: yamba waonerera kuti udziwe masewerowo, sendera pafupi, dikira kuti apumire, ndipo funsa kuti, "Kodi ndingasewere nawo?" Akakana, choka mwaulemu, ukayesenso tsiku lina. Ife makolo tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo pomaliza tinkauzidwa phunzirolo kuti tikalibwereze kunyumba. Njira yotere si yachilendo. Ku yunivesite ya California ku Los Angeles kuli maphunziro otchedwa PEERS, amene adayambitsidwa ndi Elizabeth Laugeson, momwe achinyamata amakumana sabata iliyonse, makolo awo akukumananso paokha nthawi yomweyo.

Chimene chidamkoka mtima mwana wathu ndi galimoto ya mawaya. M'chaka cha 2004 katswiri wina, Daniel LeGoff, adalemba za njira yophunzitsira ana otere kugwirizana pomanga zinthu ndi timaduka ta LEGO, aliyense ali ndi ntchito yakeyake. Mwa njirayo, mwana mmodzi amalongosola chomangidwacho, wachiwiri amapereka zipangizo, wachitatu ndiye amamanga. Mphunzitsi wathu adalibe LEGO, tsono adatenga mawaya, malegeni ndi zitsekerero. Mwana wathu adapatsidwa ntchito yosunga zipangizo, ndipo kuti galimotoyo ikhale ndi mateyala, adayenera kupereka zitsekerero zake zija kwa mnzake akampempha. Loweruka loyamba adakana, nafumbata chitini chake mpaka kuweruka. Lachiwiri chimodzimodzi. Loweruka lachinayi adasankha zitsekerero zinayi zofanana bwinobwino, nazipereka yekha. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife tidawaona tsiku limenelo.

Tisanamize makolo anzathu kuti maphunziro awa ndi mankhwala ochotsa otizimu. M'chaka cha 2012 akatswiri a bungwe la Cochrane adasanthula kafukufuku musanu wokhudza anthu 196 a zaka za pakati pa 6 ndi 21, napeza kuti magulu otere amathandizako pa luso la kucheza ndi pa ubwenzi, koma adachenjeza kuti umboniwo ndi wochepa. Ifenso tidaona malire ake. Mwana wathu ankatha kutchula malamulo onse pamtima, koma akafika pabwalo, phokoso likachuluka, onse ankamthawa m'mutu. Zophunzira za m'chipinda sizisamukira zokha kubwalo. Tidayenera kumperekeza kumpanda madzulo ambiri, kumkumbutsa monong'ona, ndi kubwerera naye osamdzudzula zikakanika.

Tidalakwitsanso ife eni. Tinkamkakamiza kuyang'ana munthu m'maso polankhula, osadziwa kuti kutero kumamsautsa kotero kuti samvanso zimene zikunenedwa. Mphunzitsi adatikumbutsa, akumwetulira, kuti pa mwambo wathu womwe mwana waulemu satong'olera mkulu maso, ndipo kuti n'kokwanira kutembenukira kwa wolankhulayo. Tidachita manyazi, pozindikira kuti tinkafuna kumsandutsa mwana wina, pamene chosowa chake chidali mnzake chabe.

Tidazindikiranso kuti ophunzira m'kagulu kaja sadali atatu okha. Katswiri wa ku Britain, Damian Milton, amene iyenso ali ndi otizimu, adalemba m'chaka cha 2012 kuti kusamvana kwa pakati pa anthu a otizimu ndi anthu ena kumachokera mbali zonse ziwiri. Ana atatu ena aja adaphunzira kulankhula molunjika osazungulira, kudikira yankho osamsekerera, ndi kumlola mnzawo kupatuka pang'ono phokoso likamkulira. Mmodzi mwa iwo adali yemwe uja adayamba kumutcha wakuba.

Madzulo ena m'nyengo yachisanu, tikutong'ola chimanga pakhonde, tidamva mawu pampanda akuitana dzina la mwana wathu. Adali mnyamata yemweyo, atanyamula galimoto ya mawaya yoguluka teyala limodzi. Mwana wathu adayang'ana mizere yake kanthawi, natola chitini chake, natuluka pachipata. Adakhalako mphindi ngati 20, nabwerera pakhonde kudzapumula, ndipo m'mawa mwake mnzakeyo adabweranso. Ife tidangoyang'anana, osanena kanthu, chimanga chili m'manja.

Tsono inu makolo amene muli ndi mwana wotere, musambise m'nyumba chifukwa cha zonena za anthu. Funsani kusukulu kapena kuchipatala za aphunzitsi odziwa ntchitoyi, ndipo gwirizanani ndi mabanja ena awiri kapena atatu. Inu amene ana anu alibe vutoli, aloleni alowe m'kagulu kotere, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo inu achinyamata, mukaona mnzanu ataima pampanda akuonerera masewero anu, musadikire kuti apeze yekha polowera. Muitaneni ndi dzina lake, mumuuze momveka bwino mbali imene aime ndi chimene achite, ndipo akachedwa kuyankha, mudikireni.